Mkamwini Amene Anadula Thireyi Yanga

Aliyense wa imvi mu Old Town muno amawadziwa a Greenwell Luhanga, makaniko uja wa lole yoimba mluzu. Akamawatamanda amati ndi munthu wamutu, anadzutsa injini yakufa n'kuipatsa mphamvu za katapila. Ine sindikana. Ndi mkamwini wanga, bambo wa adzukulu anga, ndipo wina akawanyoza ine ndilipo aona polekera. Koma nkhaniyi amaikamba moperewera, chifukwa palibe amene amatchula thireyi yanga.

A Luhanga kwawo ndi ku Rumphi. Umakaniko anaphunzira kusukulu ya mishoni, n'kulembedwa ntchito pa garaja ya boma ku Zomba. Kuno anafika nthawi imene likulu linkasamuka, atakhala pamwamba pa makabati a mafayilo kumbuyo kwa lole, kuti ikafa panjira aidzutse. Masiku amenewo Lilongwe linali fumbi lofiira lokhalokha. Kutsidya kwa Lingadzi, kumene tinkatola nkhuni ndi bowa, akatapila anali akugwetsa mitengo, ndipo anthu a mataye ankatsika basi n'kumafunsa kuti tawuni ili kuti, ataima pakati pa tawuni pomwepo.

Mwana wanga Alinesi ankagulitsa nsalu m'sitolo ya mmwenye. A Luhanga anapitako kukagula kansalu kopukutira m'manja, n'kumabwererabwerera mpaka mmwenye anawafunsa ngati ali ndi manja khumi. Ukwati unayenda bwino, kupatula chinthu chimodzi. Abale awo anabwera ndi ng'ombe. Ine ndinanena poyera kuti ife Achewa mwana sitigulitsa, nkhuku ndi yokwana, ndipo ana obadwa ndi akuchikazi. Koma mlongo wanga Redson, amene anali nkhoswe, ataona ng'ombezo maso anali tong'o. Anazilandira ine osadziwa n'kukazitsekera m'khola lake kumudzi, akuti ankayesa ndi mphatso. Mphatso ya ng'ombe! Munaziona kuti? Pamene ndinkazimva, ina anali atagulitsa, ina itadyedwa pa chiliza. Zimenezi musaziiwale, tizipeza kutsogoloku.

Nyumba za boma ku Area 18 zinali zisanathe, ndiye anamanga kanyumba kuseri kwa yanga ku Area 1. Mumtima ndinati zakhala bwino, mkamwini weniweni amakhala pakhomo pa mpongozi. Ankhoswe anawalangiza mwambo wathu: mpongozi wamkazi sumuyang'ana kumaso, sulankhula naye, mukakumana panjira umapatuka. Anzathu ambiri m'tauni mwambowu anali atayamba kale kuufewetsa. Koma a Luhanga, mwana wa mishoni, chimene auzidwa amachigwira ngati chalembedwa pa miyala ya Mose. Ndikangotulukira pakona ya nyumba, iwo ankalowa m'chimanga. Tsiku lina anagwera m'ngalande atavala suti yakutchalitchi. Nanga ine ndikanayamba bwanji kulankhula ndi munthu wondilemekeza chotero? Nanenso ndinangoumitsa khosi. Harry anabadwa, kenako Lucy, ife tisanapatsanepo moni wapakamwa.

Kenako anasiya ntchito ya boma. Ntchito ya penshoni! Akuti Capital Hill ikumeza njerwa usana ndi usiku, nyumba za mabwana ku Area 10 ndi Area 12 nazonso zikufuna njerwa, amene ali ndi lole ndiye adye bwino. Anagula pa okushoni chilole chakale choyenda chopendekera mbali imodzi, ana a m'dera lathu n'kuchitcha Pendapenda. Anachiimika pamalo penipeni pamene ndinkayanika mphale.

Pamalo athyathyathya Pendapenda ankayesetsa ndithu. Koma akasenza njerwa n'kuwoloka mlatho wa Lingadzi, pa chitunda chopita ku maofesi chija, ankayenda ngati akuperekeza maliro. Amayi osenza nkhuni ankamupitirira. Kapitawo wa omanga anawauza a Luhanga kuti njerwa zofika madzulo ndi za mawa, akapanda kusintha apeza wina.

Munthu wanzeru akanagulitsa chilolecho n'kukapepesa ku boma. Iwo anabwera ndi chitsulo chonga nkhono yaikulu, atachichotsa pa katapila wotha ntchito. Dzina lake tebo. Ndinawamva akumufotokozera Alinesi, ine ndili kuseri kwa mpanda ndikusankha nyemba. Akuti utsi wotuluka m'injini umazunguza timapiko m'kati mwa nkhonoyo, timapikoto n'kumapopera mpweya m'injini ngati mvukuto wa osula makasu. Mpweya wambiri, moto wambiri, mphamvu zambiri.

"Nanga injiniyo ipirira?" anafunsa Alinesi.

"Ndi chitsulo chimenechi, anyina Harry," anatero iwo akuchisisita.

Ine mumtima ndinati mphika nawonso ndi wolimba, koma tauika pa moto wa ng'anjo uone.

Ulendo woyamba womwewo chinaphulika pakati pa chitunda, nthunzi kuti tolo! Anachikoka ndi thirakitala mpaka pakhomo, oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka. Apa ndi pamene ndinaphunzira mawu amene sindinawapemphe. Injini ili ndi thunthu lake, amati buloko, ndi chivundikiro chake. Pakati pa ziwirizi pamagona chinthu chopyapyala cha mabowo, amati gasiketi, chotchinga kuti moto, madzi ndi oyilo zisakumane. Mvukuto uja unakankha chivundikiro, gasiketi n'kung'ambika.

Mukuganiza kuti anachotsa teboyo? Anati tebo ilibe mlandu, yofooka ndi injini, ayilimbitsa. Chilimwe chonse bwalo langa linasanduka garaja. Buloko anaikoleka ndi tcheni pa mtengo wanga wa mango, nthambi yobereka bwino ija n'kuthyoka. Mabawuti omangira chivundikiro anawataya, nakulitsa mabowo n'kuikamo onenepa a katapila. Kunsi kwa buloko anamangirirako chitsulo chochindikala, akuti ndi lamba wogwira m'chiuno kuti isamapindike ikamakoka. Mapisitoni, zitsulo zija zokwera ndi kutsika m'kati mwa buloko, anapita nawo kwa wosema zitsulo ku Malangalanga kuti awasenge pamutu pang'ono, mpweya wambiriwo upeze pokhala. Mikono ya mapisitoniwo ankaipala ndi tupa mpaka kuwala ngati supuni, n'kukaiyeza pa sikelo ya nyama kumsika kuti ilemere mofanana, mwini sikelo akutukwana, makasitomala ali pamzere. Koma chimene chinandimaliza ndi simenti. Anaikanda m'beseni losambitsira Lucy n'kuthira pang'ono pansi pa njira za madzi m'buloko, akuti makoma a m'kati asamanjenjemere. Lilongwe yense akumangira simenti nyumba, wanga mkamwini akumwetsa injini!

Zonsezi ndinkangoziona, pakamwa pali potseka. Ndikatuluka m'nyumba iwo ankalowa pansi pa lole, kunja n'kutsala nsapato zokha. Madandaulo ndinkatuma Alinesi, koma nayenso mwana ameneyu! Ndikati, "Kawauze achotse nyansizi pakhomo panga," iye ankapita n'kukanena kuti, "Amayi akuti mwaswera bwanji."

Zitsulo zonse zinalimba, koma gasiketi ayi. Iliyonse yam'sitolo inkapsa injini ikangotentha. Anati ikufunika ya mkuwa, yodula okha, yochindikala bwino. Anazungulira kwa amwenye, kwa okhoma zidebe, kwa omanga, koma mkuwa wotero kunalibe. Wina wa ku Blantyre anangowalonjeza, mpaka lero akubwera nawo.

Ndiye kunabwera mkulu wawo wa a Luhanga, a Felton. Amenewa anali bwana mu ofesi ina ku Capital Hill, okhala ku Area 12 m'nyumba ya kapinga ndi galu wodya m'mbale. Anafika Lamulungu lina masana, taye ili pakhosi, anakhala pampando pabwalo langa n'kumalankhula mokweza kuti ndimve ndili m'nyumba.

"Greenwell, banja walinyazitsa mokwanira. Ntchito unataya, lole ndi iyi yagona matumbo ali kunja. Kumudzi munda wa adada wamera tchire. Mvula ikagwa chinthuchi chisanagwire ntchito, ndikupezera galimoto, unyamule mkazi ndi ana uzikalima."

Ndinatulukira. Amenewo si akamwini anga, ndinalibe nawo manyazi.

"Ana ake ati?"

"Ana athu, mama. Harry ndi Lucy."

"Ana anu? Munamva kupweteka ndinu? Mbumba iyi ndi yanga."

Anamwetulira ngati akulankhula ndi mesenjala. "Ng'ombe zathu zinalowa m'khola la a Redson, mama. Kapena zikubwerera?"

A Luhanga anangoti zyoli, chifukwa kwawo mkulu sayankhidwa. Alinesi anati kumene apite amuna ake iyenso apita. M'mawa mwake ndinakwera basi kukamupeza Redson kumudzi, ndipo atamva zonse anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Koma mlongo, ng'ombe zake zinali zoonda." Ndinabwerako ndisanamwe ndi madzi omwe.

Choncho ine, amene ndinkapemphera kuti chilolecho chiwolere pomwepo, ndinayamba kupemphera kuti chidzuke.

Tsopano za thireyi. Malemu amuna anga a Lexon anagwira ntchito kumigodi ku Kitwe. Zimene anabwera nazo kumeneko ndi ziwiri, chifuwa chimene chinawatenga ndi thireyi ya mkuwa. Inali yolemera, yaitali ngati kuchokera paphewa mpaka kunsonga ya chala. Ndinkaikwecha ndi phulusa ndi ndimu, ndipo inkatsika pakhoma pokhapokha kukabwera abusa kapena amayi a Chigwirizano. Tsiku lina poitsitsa ndinapeza kumbuyo kwake chidindo cha chala chakuda bii ndi girisi, ndi timizere ta pensulo. Sindinafune woombeza. Munthu anali atalowa m'nyumba mwanga ine ndili kumsika, nayeza thireyi, naibwezera pamsomali.

Ndinamupanikiza Alinesi mpaka anaulula. Akuti bambo a Harry anaipeza yokwana ndendende, koma anamuletsa kundiuza. "Akuti ndi ya malemu, amayi. Bola apite ku Rumphi kusiyana n'kuipempha."

Ndinapsa mtima pawiri, kuti anaigwira, ndiponso kuti sanaipemphe. Ndinati ndidikira, apemphe ngati munthu wamkulu, atume nkhoswe. Iwo nawo akudikira mkuwa wa ku Blantyre. Ine khosi gwa, iwo khosi gwa. Okutobala anafika ndi kutentha kwake, nyenje zikulira m'mitengo, mitambo ikuunjikana cha ku Dzalanyama. Alinesi anatulutsa masutikesi n'kuwayanika padzuwa. Ndiye Harry, akudya mango pamiyendo panga, anandifunsa kuti, "Agogo, ku Rumphi kuli agogo ena?"

Funso limenelo ndi limene linandidzutsa.

M'mawa mwake ndinabereka Lucy, khanda la mano awiri, ndinatsitsa thireyi pakhoma n'kulunjika kwa Pendapenda. Atangomva mapazi anga analowa pansi pa lole monga mwa masiku onse. Ndinaima chowafulatira, ndinamasula Lucy n'kumunyamulira kutsogolo.

"Lucy," ndinatero mokweza, "uwauze abambo ako kuti chala chawo ndachiona."

Mawu anatuluka pansi pa lole.

"Lucy, uwauze agogo kuti ndalakwa chomene. Ndinangoyeza basi."

"Lucy, uwafunse, munthu akayeza nsalu n'kupeza yamukwana, amaisiya n'kumayenda maliseche?"

"Lucy, uwauze kuti ndi ya malemu apongozi. Dzanja langa silingaidule."

"Lucy, uwauze kuti malemuwo ndimawadziwa ndine, osati iwo. Anakapumira fumbi la mkuwa umenewu kuti ana awo akhale pabwino, osati kuti uzinyezimira pakhoma adzukulu ali kumapiri kumene ngakhale basi yake sindiidziwa."

Lucy nthawi yonseyi anali akuyamwa ngodya ya thireyi, dovu lili chuchuchu.

"Lucy," anatero pansi paja, "uwafunse agogo, nanga ikakanika? Ndikadula n'kupsanso, atsala opanda thireyi, opandanso adzukulu."

"Lucy, uwauze kuti ikapsa ndiwadula iwowo ndi chitsulo chomwecho. Ndipo atulukemo mmenemo, akuoneka ngati mbuzi yogundidwa."

Kuseri kwa chitseko ndinamva Alinesi akuseka, akufwenthera pomwepo. Ndinatsamiritsa thireyi pa tayala n'kuchoka osacheuka.

A Luhanga anagoneka gasiketi yakale pamwamba pa thireyiyo n'kulemberera. Nditamva tchizulo ikulowa mumkuwa, nkho! nkho! ndinamanga chitenje n'kukakhala kwa aneba. Anaboola mabowo asanu ndi limodzi akuluakulu a mapisitoni, ndi ena ang'onoang'ono a madzi ndi mabawuti, n'kupala m'mphepete monse ndi tupa. Ndiye poti njira inali itatseguka, anayamba kuzolowera. "Lucy, uwapemphe agogo mbaula." "Lucy, uwafunse ngati makala alipo." Thireyi yanga, mbaula yanga, makala anga! Anaiwotcha mpaka kufiira psuu n'kuiviika m'madzi, akuti mkuwa ukatero umafewa, ndipo ukafinyidwa umamatira osasiya mpata. Mabawuti anamanga kuyambira pakati kupita kumphepete, pang'onopang'ono, kubwereza n'kubwereza, akuimba nyimbo yakutchalitchi ya Chitumbuka.

Tsiku loyesa kunacha kumwamba kuli bii. A Felton anabwera pa galimoto yawo yoyera kudzaonerera, ndikhulupirira kuti anali atapangana kale ndi woyendetsa wa ku Rumphi. Ine ndinavala nsalu yanga yabwino.

"Lucy, uwauze abambo ako kuti thireyi yanga siyenda popanda mwini wake."

Mpongozi kukhala kutsogolo ndi mkamwini! Aneba onse anatuluka kudzaona malodzawo. Harry tinamusiya kwa aneba, Alinesi anakhala pakati atanyamula Lucy, ine kuwindo nkhope nditalozetsa kunja. Tinakapakira njerwa kumauvuni mpaka lole inakhala pansi, tinadutsa m'tauni, a Felton akutitsata pambuyo. Injini inkalira bwino, kamluzu ka tebo kakumveka chapansipansi.

Titawoloka Lingadzi n'kuyamba chitunda, madontho oyamba anagwa pagalasi. Ndipo ndinamva lole ikuchepa mphamvu. Ndinasuzumira ndi ngodya ya diso. Phazi lawo linali likungokhudza pang'ono, maso ali pa kamuvi kosonyeza kutentha, thukuta lili kamukamu. Munthuyu ankaopa kuwotcha thireyi yanga! Miyezi yonse ija ya mabawuti ndi simenti, lero akuyendetsa ngati wanyamula mazira. Bambo wina wa panjinga anatipeza n'kumayenda nafe limodzi akutiyang'ana. Kumbuyo a Felton anayamba kuliza hutala.

"Lucy," ndinayamba, n'kucheuka.

Lucy anali m'tulo, kukamwa kuli yasa. Mthenga wagona pa nthawi ya nkhondo! Ndinamugwedeza kaphazi, osadzuka. Kutuma Alinesi ndinkadziwa kale zake, akanangonena kuti amayi akuti mukuyendetsa bwino. Madontho anali akuchuluka.

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana kumaso. Aka kanali koyamba, ndipo ndi pamene ndinaona kuti mpata wa mano wa Harry anautenga kuti.

"A Luhanga! Pondani mafuta! Ndinakupatsani kuti muziisisita?"

Sindikudziwa ngati anamvera kapena phazi linangotsika ndi mantha. Mluzu uja unakuwa, fyiii! Msana wanga unamatirira kumpando, Alinesi anaitana Yesu, wanjinga uja anagwera m'udzu. Utsi wakuda unaphimba galimoto ya a Felton mpaka sinaonekenso. Pendapenda anakwera chitunda chonse osapuma, napitirira lole ina yatsopano ya kampani, woyendetsa wake atatulutsa mutu pawindo. Tinakaima pamalo omanga, kapitawo uja ataima kukamwa kuli pululu.

A Luhanga anatsika. Anadikira injini ipume, natsegula, nasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali wakuda bwinobwino, wopanda dontho la mkaka. Madzi nawo anali madzi. Anagwira pamene m'mphepete mwa mkuwa munkaonekera pakati pa zitsulo, pali pouma. Anavula chipewa, anayang'ana kwa Lucy amene anali atadzuka tsopano ntchito itatha, n'kunena kuti, "Lucy, uwauze agogo kuti yewo."

Apo mvula inakhuthuka. A Felton anafika malaya oyera ali mawangamawanga ndi mwaye, chifukwa anali atatsitsa windo kuti aone bwino tikugwa.

"Mvula yayamba, mama," anatero.

"Njerwa zafika kale, bambo," ndinawayankha. "Kapena muthandize kutsitsa?"

Za ku Rumphi sanazitchulenso.

Pendapenda anasenza njerwa zaka zambiri. Mukamadutsa ku Area 10, ku Area 12 mpaka ku Area 43, n'kumaona makoma a mabwana, dziwani kuti ena mwa iwo anakwera pa thireyi ya a Lexon. Harry ndi Lucy anakulira pakhomo pano, ndinawaperekeza ndekha kusukulu, ndipo ana awo lero ndi amene akundithera mango. Timikuwa tozungulira timene tinatuluka m'mabowo a mapisitoni ndinatitola, ndimatikwecha ndi ndimu, ndipo amayi a Chigwirizano akabwera ndimaikapo makapu awo. Akafunsa, ndimawauza, ngakhale asafunse ndimawauzabe.

A Luhanga pambuyo pake anabwera ndi nkhuku kudzathetsa manyazi, ankhoswe ali pomwepo, Redson akuyang'ana nkhukuyo ngati ndi yake. Koma chizolowezi sichimva nkhuku. Mpaka lero, iwo imvi zili mbuu, Lucy ali kubanja kwake ku Area 25, akafuna mchere amaima pakhomo panga n'kuyang'ana kumtengo wa mango. "Lucy, uwafunse agogo ngati kamchere kalipo."

Thireyi anandilonjeza ina. Inabwera patapita zaka, ya pulasitiki, ya maluwa ofiira, yopepuka moti mphepo ikhoza kuitenga. Ndinaitembenuza uku ndi uku.

"Lucy, uwauze abambo ako kuti yanga inali ya mkuwa."

Iwo analoza kuseri kwa nyumba, kumene injini ya Pendapenda yagona atayifunditsa lona, pamalo pomwe paja ndinkayanika mphale. "Lucy, uwauze agogo kuti ikadali momwemo, sinapse. Akafuna nditsegula ndiwabwezere."

Thireyi ya mabowo ndikaikapo chiyani, mphepo? Ndinawauza kuti aisiye momwemo. Koma chiinjinicho achichotse pakhomo panga, ndipo uthenga umenewu sindinatume Lucy.